Chikuto Cholimba, Zilembo Zagolide

1

Nkhani iyi ndailemba ndi dzanja, ndipo kwa akonzi a magazini ndakaipereka ndekha. Masiku ano sindipatsa munthu pepala langa kuti anditaipire. Mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake, ndipo mwina mundida. Musavutike, ndinayamba ndine.

Ine ndinaleredwa ndi achemwali anga. Mayi atamwalira ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo achemwali anasiya sukulu n'kuyamba ntchito yotaipa makalata. Patapita zaka anatsegula shopu yawoyawo, kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Munali makompyuta awiri, mashini a fotokope amene ankafuna kumenyedwa m'nthiti kuti ayambe ntchito, ndi makatoni a mapepala mpaka kudenga. Homuweki yanga yonse ndinalembera pamwamba pa makatoni amenewo. Ankanditchula Kamlomo, chifukwa ndinkayankha makasitomala iwo asanatsegule pakamwa.

Achemwali anali ndi khalidwe limodzi limene aliyense ankalidziwa. Pepala lililonse lodutsa m'manja mwawo ankaliwerenga. Pa kauntala panali cholembera chofiira chomangidwa ndi ulusi, ndipo kaya ndi kalata yofunsira ntchito, kaya khadi la ukwati, akapeza cholakwika ankachikonza asanakufunse. Ankati pepala lotuluka mu shopu yawo lisakawachititse manyazi kunja. Zinsinsi za theka la tauni zinkadutsa pamaso pawo, koma sindinawamvepo akutchula ngakhale chimodzi, ngakhale kwa alamu anga, amuna awo.

2

Nditakula ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku kampani ya inshuwalansi. Ndinakhala pa desiki imodzi zaka zisanu ndi chimodzi, mpando mpaka unatenga maonekedwe anga. Tsiku lina anakweza mtsikana amene ndinamuphunzitsa ntchito ine, chifukwa chakuti amalume ake ankacheza ndi bwana wamkulu. Ndinatsegula foni yanga n'kuyamba kuwerenga mayina. Woluka tsitsi, woyendetsa basi, telala, alamu anga okonza magalimoto, achemwali. Anthu abwino onsewo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti angatchule dzina langa m'chipinda cha mabwana.

Ndinadziuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ndinakalembetsa ku sukulu ya zamalonda, kalasi ya Loweruka. Ndisakunamizeni, maphunzirowo sindinkawafuna kwenikweni. Ndinkafuna anzanga atsopano, anthu a mitundu ina, onunkhira mafuta ena.

Achemwali atamva anavina pakati pa shopu, makasitomala akuyang'ana. Anandisindikizira ndandanda ya maphunziro n'kuikuta ndi pulasitiki kuti isanyowe.

M'kalasi anatigawa anayianayi. Ine ndinagwera limodzi ndi mayi wina loya, wolankhula ngati nthawi zonse ali m'khoti, bambo wina dokotala wa mano, ndi mnyamata wa ku banki wovala wotchi yaikulu ngati chivindikiro cha botolo. Ndiziwatchula Loya, Wamano ndi Wakubanki. Milungu yoyamba ankandipatsa moni wa m'mphuno. Ankakamba za mabwalo a ndege, ine n'kumaseka pamene iwo aseka.

Zinthu zinasintha Loweruka lina titachedwa ndi ntchito ya gulu. Masamba makumi asanu ndi limodzi ankafunika Lolemba m'mawa, ndipo mashopu onse anali atatseka. Ndinati ndikudziwa malo. Achemwali anatsegula shopu Lamlungu masana, ndipo ntchito inatuluka yoyera, zolakwika zonse zitakonzedwa. Kuyambira pamenepo anzangawo anayamba kundisungira mpando, kundiitana ku tiyi, kunditenga pa galimoto. Ine ndinkayesa kuti aona nzeru zanga.

3

Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwanga ndinawaitana atatuwo kunyumba. Ndinabwereka mipando, ndinagula matambula atsopano, ndinabisa chithunzi cha mayi chifukwa galasi lake linali losweka. Chimene ndinaiwala n'chakuti linali Lamlungu, ndipo Lamlungu lililonse achemwali ankabwera kwanga ndi dengu la chakudya. Analowa osagogoda, atavala juzi yawo yakale, inki ili m'zikhadabo.

"Awa ndi amene amatisindikizira mapepala aja," ndinatero.

Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Achemwali anandiyang'ana kamphindi, kenako anaseka n'kunena okha kuti ndi mkulu wanga. Loya anadzuka kuwapatsa mpando. Wamano anawathokoza chifukwa chomukonzera masamu amene analakwitsa pa tsamba lachinayi. Pasanathe ola, phwando linali lawo. Anafotokoza, osatchula dzina, za kasitomala wina amene anasindikiza makadi a ukwati kawiri pa mwezi umodzi, dzina la mkwatibwi lokha litasintha. Anthu anagwira nthiti.

Kenako anatembenukira kwa ine. Anasimba za tsiku limene ndinagona pa katoni ya mapepala a mayeso a sukulu ina, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, n'kukodzerapo, ndipo iwo anayanika mapepalawo padzuwa limodzilimodzi. Wakubanki anaseka mpaka kutsamwa. Loya anafunsa ngati ana a sukuluyo anakhoza.

Inenso ndinaseka, koma m'kati ndinkapsa. Ndinali nditavutika miyezi isanu kuti anthu amenewa andione ngati mnzawo, ndipo achemwali anandibweza pa katoni yonyowa ndi nkhani imodzi. Alendo atapita anatsuka mbale zonse akuimba nyimbo, osadziwa kuti ndawasungira mkwiyo.

4

Mlungu wotsatira mphunzitsi wathu, bambo wokonda mataye owala, anatipatsa ntchito ya aliyense payekha. Anati anthu amene timacheza nawo ena ndi makwerero, ena ndi mtolo. Aliyense alembe anthu makumi awiri amene amatha nawo nthawi yambiri, awasanje kuyambira wothandiza kwambiri mpaka wosathandiza, ndipo afotokoze mmene angachepetsere nthawi yotayika pa a kumunsiwo. Anatitsimikizira kuti wowerenga ndi iye yekha, choncho tisabise kanthu.

Sindinabise kanthu. Ndinalemba masiku atatu mkwiyo uja usanazizire, ndipo cholembera chinkathamanga chokha. Zimene ndinalembamo ndikuuzani, koma dikirani kaye.

Sindinali wopusa moti n'kupita nazo kwa achemwali. Ndinakwera mabasi awiri mpaka kuseri kwa tauni, ku shopu ina ya pafupi ndi depoti kumene palibe ankandidziwa. Mayi wa pamenepo anandifunsa ngati ndikufuna chikuto cha pulasitiki cha masiku onse. Ndinakana. Ndinati ndikufuna chikuto cholimba, chakuda, dzina langa lilembedwe ndi zilembo zagolide, kuti la Loya lioneke ngati kope la ku pulaimale. Mayiyo anati ndibwere Lachinayi.

Lachinayi ndinalipeza lokongola ngati Baibulo. Mphunzitsi anandipatsa malikisi oposa onse m'kalasi, ndipo analemba m'munsi kuti ndine munthu wolimba mtima.

5

Lamlungu lotsatira achemwali sanabwere. Ndinadikira mpaka masana, ndipo kunena zoona ndinamva kupepukidwa. Lamlungu linalo sanabwerenso. Nditawaimbira foni anayankha mwaulemu kuti ali bwino, alamu ali bwino, ntchito ikuyenda, ndipo anadula. Kale foni ya achemwali inkatha batire. Tsopano ndikayang'ana pa galasi la foni ndinkaona mphindi imodzi ndi theka, nthawi zina kucheperapo.

Poyamba zinkandikomera. Lamlungu ndinkapita kosambira ndi anzanga atsopano, ngakhale ine ndinkangoviika mapazi. Ntchito za gulu zinkapitabe ku shopu, koma ankakazisiya ndi kukazitenga anali Wakubanki, poti ali ndi galimoto. Miyezi inadutsa ine osapondako.

Tsiku lina masana ndinakumana ndi alamu pa malo okwerera basi, atanyamula jumbo ya mankhwala. Ndinawafunsa wadwala ndani. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa dzina lawo.

"Mkulu wako watuluka m'chipatala dzulo. Anamuchotsa chotupa m'mimba. Wagonako masiku asanu ndi anayi."

Ndinathamangira kwawo ndi nsapato za ku ofesi. Ndinawapeza pa mpando wa pabalaza, atawonda, milomo itauma. Munthu wanzeru akanagwada n'kuwagwira dzanja. Ine ndinayamba ndi mlandu. Ndinafunsa chifukwa chake anandibisira, ngati ine ndine mlendo. Anati inali nkhani yaing'ono, sanafune kundisokoneza. Kudekha kwawoko kunandikwiyitsa kuposa kutukwana, ndipo Kamlomo anatsegula kamlomo kake. Ndinati ndikudziwa chimene chikuwadya, ndi nsanje. Ndinati chiyambire sukuluyi akhala akundizizira chifukwa sakufuna ndiwapitirire.

"Sukulu munaisiya nokha," ndinatero. "Palibe anakukakamizani."

Alamu anaimirira, koma achemwali anawakwezera dzanja kuti akhale. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Wanena bwino," anatero achemwali. "Upite, basi ingakusiye."

Loweruka pa tiyi ndinawadandaulira anzanga kuti mkulu wanga wagwidwa ndi nsanje, mpaka kundibisira za chipatala. Anayang'anana. Wamano anatakasa tiyi wake nthawi yaitali ngakhale sankathira shuga. Ine ndinadzitonthoza kuti chibale ndi fupa sichiwola, akachira mtima ukhala pansi.

6

Tsiku lolandira masatifiketi aliyense anapatsidwa makadi awiri oitanira abale. Ine ndinalibe mwamuna, ndinalibe makolo. Onse awiri ndinakawasiya ku galaja ya alamu, ndikudziuza kuti ndachita zazikulu pokhululuka. Mumtima ndinkawafunitsitsa. Ndinkafuna andione ndi mkanjo, aimirire pa mpando, akuwe kuti Kamlomo monga anachitira nditakhoza mayeso a ku sekondale.

Mipando iwiriyo inakhala yopanda anthu mwambo wonse. Atatchula dzina langa anaomba m'manja ndi anthu achilendo, mwaulemu. Potuluka ndinapeza alamu pa geti, ali ndi ovolosi ya ku ntchito. Anandipatsa phukusi lokutidwa bwino ndi pepala lofiirira, anati zabwino zonse, ndipo anabwerera osadikira kuti ndijambulitse nawo.

Ndinakalitsegulira kuseri kwa holo, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Munali buku la chikuto cholimba, chakuda, dzina langa lili m'zilembo zagolide. Linali kope lachiwiri la ntchito yanga ija.

Nthawi yomweyo ndinakumbukira chinthu chimene ndakhala ndikuchidziwa moyo wanga wonse. Mashopu osindikiza amapatsirana ntchito. Amene alibe mashini ena amalandira ntchito kwa kasitomala, n'kuitumiza kwa mnzake amene ali nawo, kasitomala osadziwa. Ndipo m'tauni monse mashini odinda zilembo zagolide anali amodzi okha. Anali pakona ya shopu ya achemwali, pafupi ndi katoni imene ndinkalembera homuweki. Ndikanavomera chikuto cha pulasitiki, pepala langa silikanachoka ku depoti. Matama anga ndi amene analinyamula kukalipereka m'manja mwawo.

Tsopano mverani zimene ndinalemba. Pa nambala wani panali Loya, pa thu Wakubanki. Pa nambala yotsiriza, pansi pa woluka tsitsi ndi woyendetsa basi, panali mawu awa: "Mkulu wanga. Wotaipa makalata. Alibe maphunziro, sadziwa anthu ofunika. Anandilera zaka zisanu ndi zinayi ndipo amafuna ndizimuthokoza mpaka kalekale. Amandichititsa manyazi pa anthu. Ndi mtolo wanga waukulu."

Pansi pake ndinali nditasanja njira zisanu zomuchepetsera. Yoyamba, maulendo a Lamlungu athe. Yachiwiri, foni isamapitirire mphindi ziwiri. Yachitatu, za matenda ndi mavuto ndizimva kwa ena. Yachinayi, pa zikondwerero kungotumiza mphatso osapitako. Yachisanu, akadzafunsa chifukwa, ndidzati ndatanganidwa.

Ine sindinayambe n'komwe kuchita zimenezi. Ndinazilemba kuti ndipeze malikisi ndi kuziziritsa mtima. Koma pambali pa njira zinayi zoyambirira panali kachongi kofiira, ndi tsiku limene iliyonse inachitika. Pa yachinayi panali tsiku lomwelo la masatifiketi. Achemwali anali atandigwirira ntchito yonse, mwadongosolo, monga ankachitira ndi ntchito zanga zina.

M'buku lonselo anakonza chinthu chimodzi chokha. Anadula mzere pa zisanu ndi zinayi, n'kulemba pamwamba kuti khumi ndi zinayi.

7

Lolemba sindinapite ku ntchito. Ndinafika pa shopu bukulo lili m'chikwama, ndipo ndisanalowe ndinamva kuseka kumene ndinkakudziwa. Loya anali atakhala pa katoni ya mapepala, nsapato atavula, akudya zipatso ndi achemwali. Wamano anali ataimirira pa mashini a fotokope akuwamenya m'nthiti ngati mwini wake.

Loya atandiona anatuluka nane panja. Ndinamufunsa kuti amabwera kuno kuyambira liti. Anati kuyambira tsiku la phwando langa lija. Ku chipatala ankasinthana atatuwo kukawaona, ndipo Wamano ndiye anawapezera dokotala wodziwa bwino. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Tinkayesa mukudziwa," anatero. "Si mkulu wanu?"

Za buku langa sankadziwa kanthu, achemwali sanatchule kwa munthu. Koma Loya ndi munthu wosadziwa kuzungulira. Anati popeza sukulu yatha, akhoza kundiuza kuti pa mndandanda wake uja anandiika pa nambala khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chifukwa chimene analemba chinali chakuti mkulu wanga ali ndi mashini. Koma achemwali iye anawaika pa nambala yachitatu, chifukwa munthu wosunga chinsinsi ngati ameneyo sapezeka ngakhale m'khoti. Anandisisita paphewa n'kupita ku galimoto yake.

Ndinadikira kuti Wamano nayenso achoke. Panatsala makasitomala awiri pa benchi, koma manyazi anali atandithera. Ndinaika bukulo pa kauntala. Ndinati achemwali, ndinalakwa, ndinalemba ndili ndi mkwiyo, sindinkatanthauza. Ndinati bwanji simunanditukwane, bwanji simunandimenye nalo kumaso. Ndinalira mamina ndi misozi, ndinawapempha kuti atseke shopu kwa ola limodzi tikhale pansi tikambirane, andiuze chifukwa chake anasankha kundilanga chotere.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanaoneke okwiya, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anayang'ana makasitomala aja, anayang'ana mashini, kenako anandiyang'ana ine.

"Ndatanganidwa," anatero.

Anakokera bukulo kwa iwo, anatsegula tsamba lija osalifunafuna, anatenga cholembera cha pa ulusi, n'kuchonga njira yachisanu. Analemba tsiku bwinobwino, anauzira inki kuti iume, ndipo anandibwezera ndi manja awiri monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Kenako anaitana wotsatira.

8

Papita zaka ziwiri. Ku ntchito anandikweza, ndipo m'foni mwanga muli maloya, madokotala ndi anthu a m'mayiko ena. Ndikadwala amanditumizira tizithunzi ta maluwa. Zimene ndinapitira ku sukulu ija ndinazipeza zonse.

Inu owerenga, sindikuti musafune anzanu atsopano. Afuneni, dziko ndi lalikulu. Koma wina akadzakupatsani pepala kuti musanje anthu anu monga mbuzi pa msika, mudzakumbukire ine. Ndinkati chibale ndi fupa sichiwola, ndipo n'zoona, sichinawole. Achemwali akakumana nane amandipatsa moni, akafunsidwa amavomera kuti ndine mng'ono wawo. Kungoti palibe anandiuza kuti fupa ndi chimene chimatsala nyama ikatha.

Mwezi watha ndinawalembera kalata yopepesa, masamba anayi. M'katimo ndinalakwitsa dala tsiku limene mayi anamwalira, tsiku limene achemwali sangaliiwale ngakhale atadzutsidwa kutulo. Ndinkati akaona cholakwikacho dzanja liwayabwa, atenga cholembera chija, ndipo ndidziwa kuti pepala langa likadali lawo.

Alamu anandibweretsera kalatayo patatha masiku atatu, itapindidwa mmene ndinaipindira. Anati mkulu wako waiwerenga yonse. Ndinaitembenuza tsamba ndi tsamba, ndinaiyang'ana padzuwa. Munalibe inki yofiira paliponse.